A Chidindo ndi Mausi Yoimirira

Munthu akakhalitsa pa ntchito imodzi, dzina limene anamupatsa makolo limayamba kufufutika, ntchito n'kumupatsa lina. A Chidindo dzina lawo lenileni linatsala pa kalata ya ukwati, m'sutikesi ya akazi awo, pansi pa mabulangete. Kwina konseku, kuyambira pa geti la ofesi mpaka kwa wometa tsitsi, anali a Chidindo basi, ndipo iwo ankayankha mokondwa.

Mu ofesi ya ziphaso analowamo tsitsi lili lonse m'mutu, ali mesenjala: kunyamula mafayilo, kutsuka makapu, kuthamangitsa mphemvu m'madilowa. Tsiku lina mkulu wa pa zenera loyamba anapita kukachotsa dzino, osabwerakonso, ndipo poti tsiku limenelo panalibe wina wovala malaya oyera, anakhazikapo iwo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zinatha ali pompo, mpaka mpando unawadziwa matako.

Ntchito yake inali iyi. Aliyense wofuna kutsegula kagolosale, kometera, kosokera zovala kapena kokhomera mipando, ankazungulira ofesi yonse ndi pepala lake n'kudzathera pa zenera loyamba. A Chidindo ankalilandira ndi manja awiri, kuliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo ngakhale kumbuyoko kulibe kanthu, kulisalaza ndi chikhatho, kunyika chidindo pa inki, kuchikweza mpaka chifike pa khutu, kumuyang'ana mwini pepala m'maso, kenako phaa! Tebulo linkanjenjemera. Munthu ankatuluka mmenemo chifuwa chili patsogolo, akudziwa kuti zake zatheka, chifukwa wadzimvera ndi makutu ake.

Pa zenera lachiwiri pankakhala mayi wina amene onse ankamuti a Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa ankatseka poweruka, ndipo mabatire sankawathera.

"Tsiku lina mudzaboola tebulo n'kudinda bondo lanu," ankatero a Wailesi, akupukuta tiyi amene wadumpha m'kapu.

"Bondolo likadzabwera ndi mapepala okwanira, ndidzalidinda," ankayankha a Chidindo.

Zenera limenelo ndilo linali moyo wawo. Galimoto analibe, nyumba inali ya zipinda ziwiri, koma akamayenda mumsewu Loweruka telala ankasiya makina n'kuimirira, wogulitsa buledi ankavula chipewa, wosoka nsapato ankawafuulira msomali uli kukamwa. Akazi awo anasiya kuyenda nawo, chifukwa ulendo wokagula sopo unkatha maola atatu.

Ndiye kunabwera makompyuta, pamodzi ndi bwana watsopano, mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula motsitsa ngati pali khanda lagona pafupi. Zidindo zonse anazisonkhanitsa m'katoni. A Chidindo anapereka chawo atayang'ana kumbali. M'malo mwake anawapatsa kachinthu kathyathyathya kokhala ndi chingwe, kotchedwa mausi. Ukakasuntha pa tebulo, kamuvi kamayenda pa sikirini. Kamuviko kakafika pa kabokosi kovomereza, umakanikiza batani ndi chala, chiphaso n'kutuluka m'makina chosindikizidwa kale.

Musaganize kuti mutu wa a Chidindo unalephera. Ayi, mutu unamva zonse sabata yoyamba yomwe. Koma dzanja linali ndi sukulu yakeyake, ndipo mayeso linali litakhoza kalekale. Kamuvi kakafika pa kabokosi, dzanja linkafumbata mausi ija, kuikweza mpaka chingwe chikane, maso kwa mwini pepala, phaa! Nthawi zina chala chinkagwera pa batani, chiphaso n'kutuluka. Koma nthawi zambiri kamuvi kankachita mantha n'kuthawira pakona. Ndiye a Chidindo ankakasaka, zala zitafumbata gwa, mfundo ya dzanja, apa timamangira wotchi apa, itatsamira pa mphepete yakuthwa ya tebulo, ikupotokola uku ndi uku ngati akufinya chovala. Akakapeza, phaa kachiwiri. Mausi zitatu zinafera pa zenera loyamba chaka chisanathe, ndipo wosunga katundu anayamba kubisala akamva nsapato zawo.

Chidindo chakale chija chinali ndi mphira pansi, chinkamwa mphamvu. Mausi ndi pulasitiki youma, sidziwa kukhululuka, mphamvu yonse inkaibwezera m'dzanja. Poyamba zinali ngati nyerere zikuyenda m'zala. Kenako dzanzi pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Kenako ululu weniweni, ngati wina walowetsa waya wamoto pamfundo n'kumaukoka mpaka pa chigongono. A Chidindo sanauze munthu. Mwamuna amene dzanja lake latsegula mashopu a msewu wonse angamalire dzanja?

Koma mkazi amene wakhala nawe zaka makumi atatu sumubisira kanthu. M'mawa wina anawapeza akulimbana ndi batani la malaya, lilime lili panja.

"Batanilo lakulakwirani chiyani, bambo?"

"Bowo lake lachepa. Sopo wanuyu akuchepetsa zovala."

"Dzulo munagwetsa kapu, munati chogwirira chake n'choterera. Dzana munakanika kutsegula botolo, munati wotseka anali wankhanza. Ndiye kuti zinthu zonse m'nyumba muno zapangana?"

"Zapangana."

Mayi anawamangira batani lija, kenako n'kugwira dzanjalo mwadala pamfundo. A Chidindo analumpha ngati aponda khala la moto.

"Ehe," anatero mayi.

Ku ntchito mzere wa pa zenera loyamba unayamba kutuluka pakhomo, kukhota, mpaka kukafika pa geti. Lolemba lina abwana anawaitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Bambo, ine ndimakulemekezani kwambiri," anayamba choncho, ndipo munthu akayamba choncho dziwani kuti mpeni uli m'thumba. "Koma mzere wanu sukuyenda. Anzanu akamathandiza anthu khumi, inu atatu. Mwina makinawa akukuvutani. Lolemba likubwerali ndidzaima kumbuyo kwanu m'mawa wonse. Zikapanda kusintha, mukathandize ku chipinda cha mafayilo. Kumeneko kulibe kompyuta."

Chipinda cha mafayilo chili kumapeto kwa kakhonde, kuseri kwa zimbudzi. Zenera chilibe, babu ndi imodzi, nayonso yodwala. Munthu womaliza amene anatumizidwa kumeneko anapuma pa ntchito anzake osadziwa. Anazindikira patatha miyezi iwiri, ataona kuti kapu yake yachita chuku. Kumeneko palibe wokupatsa moni. Ngakhale mphemvu zimangokudutsa.

A Chidindo akanatha kungonena kuti, "Abwana, ndi dzanja." Koma anaganiza kuti bwana akamva zoti dzanja latha, sadikiranso Lolemba. Ndiye analibisa m'thumba la thalauza, n'kutukumula chifuwa.

"Mudzabwere, abwana. Mudzaone ntchito."

Iwo akubisa choncho, kunyumba mayi anali atauza kale mwana wawo wamkazi, mwanayo n'kuuza mwamuna wake. Mkamwini ameneyu ntchito yake n'kukonza makompyuta, munthu wamtali, wanzeru, woti makina akangomuona amayamba okha kugwira ntchito. Koma pamaso pa apongozi ake lilime limamuthawa. Chinayambitsa n'chakuti tsiku limene anabwera kudzapempha mwana, a Chidindo anamufunsa mapepala a sukulu, anawawerenga ola lathunthu, kuwayang'anitsa pa dzuwa, n'kumaliza ndi mawu akuti chidindo chake n'chopendekeka. Kuyambira tsiku limenelo mkamwini akalowa m'nyumbamo amakhala m'mphepete mwa mpando, mawondo pamodzi, ngati wodikira jakisoni.

Lachiwiri poweruka anabwera ndi kabokosi.

"Ababa, nda... ndabweretsa mausi ina. Iyi imathandiza dza... imathandiza ntchito. Kagwiridwe kake ndi kakuti..."

"Mkamwini, ine ndinayamba ntchito ya mu ofesi inu mukuyamwa. Ikani apo."

Mkamwini anaika, n'kuthokoza kawiri ngati wolandira mphatso ndi iye. Akale anati safunsa anadya phula. A Chidindo analidya ndi supuni yaikulu.

Lachitatu m'mawa anatsegula kabokosi kaja pa zenera lawo, a Wailesi n'kuwalumikizira ku kompyuta. Mausi iyi sinagone chafufumimba ngati zinzake. Inaima njo, yonenepa m'munsi, yowonda m'mwamba, mabatani ali m'mbali. Ndipo chingwe inalibe.

A Chidindo anaiyang'ana nthawi yaitali, maso n'kunyowa.

"A Wailesi, taonani. Opanga zinthuzi amva kulira kwathu. Abweza chidindo."

"Ine ndikuona ngati chidendene cha nsapato yanga ya pa ukwati."

"Nsanje idzakuphani."

Anaigwira cha pamwamba, monga momwe munthu amagwirira chidindo. Ndipo poti panalibe chingwe chowaletsa, dzanja linakwera mpaka kupitirira khutu, ngati masiku aja. Phaa! Pogwa zala zinafinya mabatani a m'mbali aja, chiphaso n'kutuluka. Wina pa mzere anaimba mluzu. Tsiku limenelo a Chidindo anapita kunyumba akung'ung'udza nyimbo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinayi dzanja linatupa. Lachisanu wotchi inakana kumangika, ndipo masana anadya ndi dzanja lamanzere atatembenukira kukhoma. Loweruka telala anawagwira chanza mwamphamvu monga mwa masiku onse, a Chidindo n'kungokhala pansi m'mbali mwa msewu, kunamizira kumanga chingwe cha nsapato, chonsecho nsapatozo zinali zopanda zingwe.

Mayi anali atawauza Lachisanu kuti abwere nayo mausiyo, nawonso aone mphatso. Lamlungu masana anaitana mwana ndi mkamwini. Atatha kudya anachotsa mbale, kupukuta tebulo, n'kuika chinthu chija pakati.

"Bambo, tationetsani mmene mumagwirira ntchito ndi mphatso ya mkamwini wanu."

Munthu wodwala akanakana. Koma a Chidindo anthu akawayang'ana amaiwala kudwala. Anakonza kukhosi, anasalaza pepala loti kulibe, anagwira mausi pamutu, kuikweza, phaa! Masupuni analira m'dilowa. A Chidindo analuma mlomo kuti mfuu isatuluke. Mkamwini anatseka maso ngati waona mwana akugwa mumtengo.

"Mkamwini, zili bwino?" anafunsa mayi.

"Zi... zili bwino ndithu, amayi. Ababa ali ndi mphamvu."

"Musandinamize m'nyumba mwanga. Nkhope yanuyo ikuoneka ngati mwameza fupa. Lankhulani."

Mkamwini anayang'ana apongozi ake, anayang'ana pansi, anayang'ana chitseko. Kenako anapendekera ku khutu la mkazi wake n'kunong'ona kuti, "Uwauze mwaulemu kuti mwina, ngati angakonde, sikofunika kuinyamula. Imangoyenda pa tebulo."

Mwana anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, akuti asamainyamule."

Mayi anatembenukira kwa amuna awo, ngakhale onse anayi anali pa tebulo limodzi. "Akuti mwakhala mukuchita zopusa chaka chonse."

"Sindinatero, ababa!" anakuwa mkamwini.

"Mwatero ndi nkhope. Pitirizani."

Mkamwini anapukuta thukuta n'kunong'onanso. Anati mausi yogona ija imakakamiza chikhatho kuyang'ana pansi tsiku lonse, mafupa awiri a mkono n'kupingasana, mitsempha ya pamfundo n'kumapanikizika. Iyi anaiimika dala kuti dzanja likhale cha m'mbali, mmene limakhalira munthu akamapereka moni.

"Amayi, akuti aigwire cha m'mbali ngati akupereka moni."

"Mwamva, bambo? Akuti muipatse moni. Inu amene mumapereka moni kwa msewu wonse mpaka agalu, chinthu chimene chikukudyetsani mukuchimenya makofi."

"Ndipereke moni kwa pulasitiki? Ine?"

Mayi sanatsutsane nawo. Anatenga dzanja lotupa lija, kuligoneka cha m'mbali pa tebulo, n'kukankhira mausi m'chikhatho. Chala chachikulu chinapeza kadzenje kake, zala zinazo zinagona zokha pa mabatani.

"Musafinye. Si khosi la nkhuku limenelo."

A Chidindo anamasula zala. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, waya wamoto uja anakhala ngati wina wamusiya kukoka. Sanachoke, koma anakhwepa. A Chidindo anamva, mayi anaona kuti amva.

"Ndimadziwa zimenezi," anatero a Chidindo. "Ndimangoyesa ngati chinthuchi n'cholimba."

Kunong'ona kunapitirira. Mkamwini anati poisuntha, mkono wonse uziyenda kuchokera pa chigongono, mfundo isamapotokole yokha. Pofika kwa mayi zinali zoti, "Akuti chigongono chanu n'chaulesi ngati mwini wake." Mkamwini anati mfundo isamatsamire pa mphepete ya tebulo, ndipo pakatha theka la ola azisiya mausi, kutambasula zala, kugwetsa mapewa. Mayi anati, "Akuti muzipuma, dziko silitha mukaleka kudzionetsera mphindi ziwiri." Mkamwini anati mausi imathandiza kuti vuto lisakule, koma dzanzi lafika pamenepa n'lofunika dokotala alione. Mayi anati, "Akuti mawa kuchipatala, apo ayi alidula."

"Amayi!" anatero mwana ndi mwamuna wake pamodzi.

Apa a Chidindo anatopa. "Mkamwini, mawu anu akuwola panjira. Akumachoka kwa inu ali abwinobwino, pofika kuno anunkha. Kokerani mpando kuno mulankhule nokha."

Mkamwini anakoka mpando. Anatsegula kompyuta yake ya m'chikwama, n'kugwira chigongono cha apongozi ake ndi zala ziwiri ngati poto wamoto. Anayeserera mpaka dzuwa kupendeka. Kamuvi kakafika pa kabokosi, dzanja linkayamba kukwera lokha, ndipo mayi, amene anaima pambali ndi nyuzipepala yopinda, ankalibweza pansi. A Chidindo anati pa zaka makumi atatu za banja, sanawaonepo akazi awo akusangalala chonchi.

Lolemba linafika. Abwana anaima kumbuyo kwa mpando ndi kabuku, wotchi ili poonekera. Mzere unali utafika kale pa geti. Woyamba anali kalipentala, chimunthu cha mapewa otambalala, pensulo ili pa khutu, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ankakonzetsa chiphaso chake pa zenera lomweli.

A Chidindo anawerenga pepala. Anagoneka dzanja cha m'mbali, anasuntha mkono kuchokera pa chigongono, kamuvi kanayenda mofatsa ngati kakhuta, chala n'kukhudza batani. Kanamveka kaphokoso kochepa kuposa ka wotchi. Chiphaso chinatuluka. Anachipereka ndi manja awiri.

"Zatheka, bambo. Wotsatira!"

Kalipentala sanasunthe.

"Zatheka liti?"

"Pompano."

"Ine sindinamve kanthu."

"Pepala si limenelo m'manja mwanu?"

"Pepala ndaliona. Koma simunamenye. Chaka chilichonse mumamenya. Nanga akadzabwera kudzanditsekera shopu, kuti chiphasochi n'chosapsa, ine ndidzati chiyani? Menyani, a Chidindo, ndizipita. Ndasiya guluu pamoto."

Mzere unayamba kung'ung'udza. "Amenye!" anatero wina kumbuyo. Mayi wina woluka tsitsi anasuzumira pambali pa kalipentala. "Mlamu wanga munamumenyera Lachisanu, kawiri konse. Ife talakwanji? Kapena mwayamba kusankha anthu?"

Abwana anayang'ana wotchi n'kulemba kanthu m'kabuku. A Chidindo anamva cholembera chikukanda pepala ngati chikukanda msana wawo. Mphindi zitatu zinali zitapita pa munthu mmodzi. A Wailesi, amene sanakhalepo chete chilowereni mu ofesiyo, anali duu.

Dzanja silinadikire kuuzidwa. Linagwira mausi pamutu n'kukwera, kukwera, mpaka pa khutu. Kalipentala anamwetulira n'kukonzeka kutembenuka. Phaa mmodzi yekha, munthuyu achoka, mzere uyenda, abwana aleka kulemba. Koma pokweza pomwepo waya uja anali atawaluma kale mpaka m'phewa. A Chidindo anayang'ana mzere. Anthu makumi anayi, ma phaa makumi anayi. Pofika masana dzanjali silikanathanso kugwira ngakhale cholembera, ndipo kwa mafayilo akanapitabe, kapena kunyumba, kukamangidwa mabatani ndi mkazi mpaka tsiku la maliro. Koma akanena chilungamo, abwana ali pomwepa, makutu ali tcheru.

Mausi inakhala m'mwamba.

Kenako a Chidindo anaitsitsa pang'onopang'ono ngati dzira, n'kuikhazika pa tebulo. Anapinda mkono wa malaya ndi dzanja lamanzere, n'kutulutsa dzanja lamanja pa zenera, lotupa, lonyezimira, mzere wa wotchi ukuonekabe.

"Taonani, anthu inu. Dzanja ili lakumenyerani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ladwala. Batani la malaya likulikanika, kapu ya tiyi ikuligonjetsa. Chiphaso chimapsa ndi makinawa, phokoso lija linali langa chabe, lokometsera. Ndikamenyanso lero, mawa mudzapeza wina pa zenera pano."

Kalipentala analitenga dzanjalo m'zikhatho zake zazikuluzo, n'kulitembenuza mosamala ngati thabwa lodula. Anaimba mluzu wautali.

"Aa, a Chidindo. Ichi ndi chomwe chinandigwira ine chaka chija ndi hamala. Taonani apa." Anapinda malaya n'kuonetsa chigongono.

"Nanga ine chala ichi?" anatero woluka tsitsi uja, amene anali atangowanena za kusankha anthu. "M'mawa chimadzuka chitauma ngati chikuni."

Mzere unasweka. Aliyense anabwera pa zenera ndi chiwalo chake. Wosoka nsapato anaonetsa phewa, wometa anaonetsa khosi, wina amene sanamve bwino nkhani anavula nsapato. Uyu akuti madzi otentha, uyo akuti ozizira, wina akuti amange ndi nsalu yofiira. A Wailesi mabatire anabwerera. "Ine ndimadziwa! Lachisanu ndinawaona akudyera kukhoma ngati mwana wolangidwa, ndinangoti ndisunge pakamwa." Anthu onse a mu ofesiyo anatembenuka kuwayang'ana, chifukwa bodza limenelo linali lalikulu kuposa kabati.

Kalipentala anali atalowetsa mutu pa zenera, akuyang'ana mkati.

"Nanga tebulo ili? Latalika kwambiri, mpando uli pansi, chigongono chikungolendewera. Ndipo mphepete yake yakuthwa ngati mpeni. Munthu angachire pamenepa? Anakhoma ndani zimenezi?"

"Munakhoma ndinu," anatero a Wailesi. "Chaka chimene munakwatira kachiwiri."

Kalipentala anachotsa pensulo pa khutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera. "Nthawi imeneyo maganizo anali ambiri," anatero. "Ndibwera masana ndi sowo."

A Chidindo sanaseke nawo. Makutu awo anali kumbuyo, kumene cholembera chinali chitasiya kukanda. Anamva kabuku kakutsekedwa.

"Bambo," anatero abwana motsitsa, "bwanji simunanene? Miyezi yonseyi ine ndimayesa ndi mutu."

"Mutu uli bwinobwino, abwana." A Chidindo anatsitsa mkono wa malaya. "Ndiye... kwa mafayilo kuja, ndiyambe lero kapena mawa?"

"Mafayilo amanyamulidwa ndi chiyani, bambo? Ndi mano? Munthu wa dzanja lotere ndingamutumize kokanyamula makatoni? Mukhala pompano. Masana mupite kuchipatala, ndipo chimene dokotala anene, tichita chomwecho. Panopa tandionetsani ngati mzerewu ungayende popanda kugumula ofesi."

Kalipentala anatembenukira kwa anthu n'kukweza chiphaso chake m'mwamba. "Mwamva nonse! Kuyambira lero chiphaso chikupsa mwakachetechete. Wofuna phokoso abwere ku shopu kwanga, ndimupatsa hamala."

Wotsatira anali gogo wina wogulitsa ulusi ndi singano, wogontha pang'ono. A Chidindo anagoneka dzanja, anasuntha mkono, anakhudza batani. Gogo analandira pepala n'kulipinda bwinobwino.

"Agogo, simukudandaula kuti sanamenye?" anafuula woluka tsitsi.

"Amati amamenya?" anafunsa gogo. "Ine zaka zonsezi ndimangoona akuthamangitsa ntchentche. Shopu yanga sanaitsekepo."

Mzere unayenda. Kamuvi kanaleka kuthawira pakona, ndipo munthu aliyense ankachoka asanamalize n'komwe kufotokoza za matenda ake. Pakatha theka la ola a Wailesi ankakuwa kuti, "Zenera loyamba, tambasulani!" ndipo a Chidindo ankasiya mausi n'kutambasula zala, anthu a pa mzere nawonso n'kumatambasula zawo, poganiza kuti ndi lamulo latsopano. Ululu unalipobe, sunali woti n'kutha tsiku limodzi, koma sunakwerenso m'phewa. Isanakwane nthawi ya chakudya, pa geti panalibe munthu.

A Chidindo akuvala jekete kuti azipita kuchipatala, abwana anatulukanso mu ofesi yawo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama pafupi, akusisita mfundo ya dzanja lawo lamanja.

"Bambo, mausi ngati yanuyi imapezeka kuti?"

A Chidindo anakonza kolala ndi dzanja lamanzere.

"Mkamwini wanga ndi katswiri wa zimenezi, abwana, ndimuuza akubweretsereni. Koma ikabwera musafulumire kuigwira, mudikire ine ndikuonetseni. Anthu ambiri osadziwa amaigwira pamutu."